MAFUNSO A UNZIKA NDI LAMULO LIMENE LIPOSA MALAMULO ONSE

MUNTHU wocokera ku dziko lina amene afuna kukhala nzika ya America salandira unzikawo cifukwa cakuti wakhalako zaka zambiri kokha. Ayenera kuyamba waonekera pamaso pa mkulu wa Boma woona za alendo, nayankha mafunso ndi pakamwa, popanda buku m'manja. Limodzi la mafunso oyambirira pa mndandanda wao lifunsa kuti lamulo loposa malamulo onse m'dzikomo ndi liti. Yankho lace ndi liu limodzi, Constitution, ndiko kunena Lamulo Lalikulu limene Boma lonse liimapo.

Funsoli lioneka lapafupi, koma nkhani imene ili m'kati mwace ikhudza mlimi wa ku Vubwi monga momwe ikhudzira mlendo wa ku New York. Dziko la Zambia nalonso lili ndi Lamulo Lalikulu. Ndilo linena amene ali nzika ndi amene sali nzika. Ndilo lipatsa mphamvu Pulezidenti, aphungu ndi oweruza milandu, ndiponso ndilo liika malire a mphamvuzo. Munthu wobadwa nzika salemba mayeso ali onse. Koma tsiku limene mwana wace wagwidwa ndi apolisi, kapena mwamuna wace wamwalira ndipo acibale afika ndi zingwe kudzatenga ng'ombe, mafunso omwe aja amfikira pakhomo, ndipo amene sadziwa mayankho ace ataya zinthu zimene lamulo linampatsa kale.

MAYESO A KU AMERICA

Mayesowa ayendetsedwa ndi ofesi ya Boma yochedwa USCIS. Wopempha unzika ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposapo, ndiponso kuti wakhala m'dzikomo ndi cilolezo ca wokhazikika kwa zaka 5. Ngati ali pa ukwati ndi nzika ya kumeneko, zaka 3 zikwanira. Pa tsiku la mayeso amuyesa kulankhula, kuwerenga ndi kulemba Cingerezi, ndipo pambuyo pace abwera mafunso a za Boma ndi mbiri ya dziko.

Kuyambira mu 2008 mndandanda unali ndi mafunso 100. Munthu anali kufunsidwa mafunso 10 mwa amenewo, ndipo wokhoza 6 ndiye anali wopambana. Kumapeto kwa 2020 mafunso anaonjezedwa kufika 128, koma mu 2021 Boma latsopano linabwezera mndandanda wakale uja. Kenaka, kwa onse amene anapereka mapepala ao kuyambira pa 20 Okutobala 2025, mafunso anakhalanso 128, ofunsidwa 20, ndipo okhoza ayenera kukwana 12. Nkhalamba za zaka 65 zimene zakhala m'dzikomo zaka 20 zipeputsidwa: ziphunzira mafunso 20 okha, ndipo ziloledwa kuyankha m'cinenero cao kupyolera mwa womasulira. Wolephera apatsidwa mwai waciwiri pakati pa masiku 60 ndi 90.

Ambiri a mafunsowa abwerera ku cinthu cimodzi. Afunsa za nthambi zitatu za Boma, ndizo opanga malamulo, oyendetsa dziko ndi oweruza. Afunsa ciwerengero ca aphungu a nyumba yapamwamba ya Senate, amene ali 100, ndi a nyumba inayo, amene ali 435. Afunsa kuti Lamulo Lalikulu lasinthidwa kangati, ndipo yankho ndi 27. Afunsanso za maufulu a munthu, monga ufulu wa kulankhula ndi wa kupembedza. Mlendo amene wadziwa Lamulo Lalikulu wadziwa kale mbali yaikulu ya mayeso.

Cocititsa manyazi ndi cakuti eni dziko ambiri sangapambane mayeso amene afunsa alendo. Mu 2018 bungwe la Woodrow Wilson National Fellowship Foundation linayesa nzika za America 1,000 ndi mafunso otengedwa pa mndandanda umenewu, ndipo linapeza kuti anthu 36 okha pa anthu 100 ali onse ndiwo akadapambana. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Apa mlendo anaposa mwini mudzi pa kudziwa malamulo a mudziwo.

Maiko ena nawonso ali ndi mayeso ao. Ku Britain anayamba mu 2005: mafunso 24 m'mphindi 45, ndipo wopambana akhoza 18. Ku Germany anayamba mu 2008: mafunso 33 m'ola limodzi, okhoza 17. Koma dziko la Britain lisiyana ndi enawa pa mfundo yaikulu. Lilibe buku limodzi lochedwa Lamulo Lalikulu, ndipo kumeneko mau otsiriza ali ndi Nyumba ya Malamulo. Ngakhale Zambia inalamulidwa ndi Britain, pa mfundo imeneyi inatenga njira yofanana ndi ya America: pali lamulo lolembedwa limene ngakhale aphungu onse pamodzi sangalidumphe.

CIFUKWA CACE FUNSOLI LIKHALA PATSOGOLO

Lamulo Lalikulu la America linalembedwa mu mzinda wa Philadelphia mu 1787, ndipo linayamba kugwira nchito mu 1789. Nthawi imeneyo dzikolo linali ndi zigawo 13, ciri conse ndi malamulo ace. Kuti zigawozo zisamakokerane uku ndi uko, olembawo anaika pa Ndime 6 mau akuti Lamulo Lalikulu, pamodzi ndi malamulo a dziko lonse opangidwa motsatira ilo, ndilo lamulo lapamwamba, ndipo oweruza a m'zigawo zonse ayenera kulimvera. Mu 1803, pa mlandu wa Marbury ndi Madison, woweruza wamkulu John Marshall anagamula kuti lamulo la aphungu limene litsutsana ndi Lamulo Lalikulu siliri lamulo konse, ndipo ndi nchito ya khoti kunena cotero.

Mbiri ya dzikolo ionetsanso kuti unzika ukhoza kulandidwa ngati sunalembedwe pamalo olimba. Mu 1857, pa mlandu wa kapolo wochedwa Dred Scott, khoti lalikulu koposa la America linagamula kuti anthu akuda, zidzukulu za akapolo otengedwa ku Africa, sangakhale nzika za dzikolo. Cigamulo cimeneco sicinafafanizike ndi lamulo wamba. Panafunika nkhondo ya paciweniweni ya mu 1861 mpaka 1865, ndi kusintha Lamulo Lalikulu lenilenilo mu 1868, kuti anthu akuda obadwira kumeneko alembedwe kukhala nzika. Ndi cifukwa cace mlendo afunsidwa za lamuloli coyamba: unzika umene akupemphawo uli ndi mphamvu yolingana ndi lamulo limene liusunga.

LAMULO LALIKULU LA ZAMBIA

Ndime 1 ya Lamulo Lalikulu la Zambia, monga linakonzedwera mu 2016, inena kuti lamuloli ndilo lapamwamba m'dziko, ndipo lamulo lina liri lonse lolembedwa, lamulo la mwambo kapena mcitidwe wa mwambo, zimene zitsutsana nalo zilibe mphamvu pa mbali imene zatsutsanapo. Ndime yomweyo inenanso kuti lamuloli limanga anthu onse a m'Zambia ndi nthambi zonse za Boma. Ndime 5 iti mphamvu ya ulamuliro ili mwa anthu a Zambia, ndipo aigwiritsa nchito okha kapena kupyolera mwa amene awasankha.

Ndime 7 iika malamulo a dziko pa mndandanda. Pamwamba pali Lamulo Lalikulu. Kenaka pali malamulo opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo ku Lusaka. Palinso malamulo ang'onoang'ono amene nduna ndi maofesi ena alemba ndi mphamvu imene aphungu anawapatsa. Pali malamulo a mwambo wa anthu a Zambia amene agwirizana ndi Lamulo Lalikulu. Potsiriza pali malamulo ena akunja, makamaka a ku England, amene analoledwa kugwira nchito muno. Monga phaso likhala pa mtanda ndipo mtanda ukhala pa mzati, lamulo liri lonse litenga mphamvu kwa limene lili pansi pace polinyamula, ndipo mzati wa onse ndi Lamulo Lalikulu.

Zimenezi sizinangokhala pa pepala ai. Kale lamulo la Public Order Act, limene linapangidwa m'masiku a atsamunda mu 1955, linali kuletsa anthu kucita msonkhano popanda cilolezo ca apolisi. Mai Christine Mulundika ndi anzao 7, mmodzi wa iwo ali Dr Kenneth Kaunda, anaimbidwa mlandu wa kusonkhana popanda cilolezoco. Mu 1996 khoti la Supreme Court, motsogozedwa ndi woweruza wamkulu Matthew Ngulube, linagamula kuti mbali ya lamulo yofuna cilolezo inali kuphwanya ufulu wa kulankhula ndi wa kusonkhana, ndipo inalibe mphamvu. Aphungu anakakamizika kulikonzanso lamulolo.

Citsanzo cina cikhudza mafumu. Lamulo lakale la Chiefs Act linali kupatsa Pulezidenti mphamvu ya kubvomereza munthu kukhala mfumu ndi ya kucotsa cibvomerezoco. Koma Ndime 165 ya mu 2016 inanena kuti ufumu ukhalapo monga mwa mwambo wa anthu ace, ndipo aphungu asapange lamulo lopatsa munthu ali yense mphamvu ya kubvomereza kapena kucotsa mfumu. Mu 2019 khoti la Constitutional Court, limene linakhazikitsidwa mu 2016 kuti lizimasulira Lamulo Lalikulu, linagamula kuti mbali zija za Chiefs Act zinalibenso mphamvu. Apa Lamulo Lalikulu linaima kumbali ya mwambo potsutsana ndi lamulo la aphungu.

PAMENE MWAMBO UKUMANA NDI LAMULO

Anthu ambiri a m'midzi sakafika ku makhoti akuluakulu. Milandu yao ya ukwati, ya cigololo, ya malire a minda ndi ya cuma ca masiye ithera kwa anyakwawa, kwa mfumu, kapena ku khoti laling'ono la Local Court. Makhoti amenewa aweruza motsata mwambo, koma lamulo lowakhazikitsa liwalola kutero pokhapo ngati mwambowo sutsutsana ndi cilungamo kapena ndi lamulo lolembedwa.

Nkhani ya cuma ca masiye ndiyo iliza mabanja ambiri. Mu 1989 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Intestate Succession Act, lonena za kagawidwe ka cuma ca munthu amene wamwalira osasiya wilo. Pa magawo 100 a cumaco, ana atenga 50, mkazi kapena mwamuna wotsala atenga 20, makolo a womwalirayo atenga 20, ndipo ena amene anali kudalira iye atenga 10. Kunena mwa citsanzo, ngati cuma conse ndi ng'ombe 10 za mtengo wofanana, 5 ndi za ana, 2 za wamasiye, 2 za makolo, ndi imodzi ya odalira. Nyumba ikhala ya wamasiye ndi ana, ndipo wamasiye ali ndi ufulu wa kukhalamo mpaka imfa yace kapena mpaka atalowa ukwati wina. Wosankhidwa kuyang'anira cuma ndi wogawa cabe, si mwini ai, ndipo kulanda cuma kwa amene lamulo linawapatsa ndi mlandu. Koma lamuloli silikhudza malo a mwambo amene ali m'manja mwa mafumu, kapena cuma ca ufumu, kapena cuma ca banja lonse. Cotero munda wa pa malo a mwambo ugawidwabe monga mwa mwambo wa kumeneko.

Ukwati wa ana ndi nkhani ina. Kwa zaka zambiri mwambo unali kulola mtsikana kukwatiwa atangotha msinkhu. Mu Disembala 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa: ukwati uli wonse umene mmodzi wa okwatiranawo sanakwanitse zaka 18 ulibe mphamvu, ngakhale ukhale wa mwambo, ngakhale makolo alandire cimalo kapena malowolo.

Pali mfundo imodzi imene iyenera kudziwika bwino. Gawo la maufulu a anthu m'Lamulo Lalikulu, pa Ndime 23, liletsa tsankho, koma ndime yomweyo ipatula malamulo a ukwati, a kusudzulana, a maliro, a cuma ca masiye ndi a mwambo. Ndiko kunena kuti pa nkhani zimenezi cishango ca wamasiye ndi ca mtsikana cagona kwambiri pa malamulo a aphungu monga aja a 1989 ndi 2023. Kupatula kumeneku ndi cimodzi ca zinthu zimene anthu anali ndi mwai wa kuzisintha mu 2016, monga zifotokozedwa patsogolopa.

Gawo lomwelo la maufulu lichinjiriza munthu wogwidwa ndi apolisi. Ndime 13 iti auzidwe msanga cifukwa cimene wagwidwira, m'cinenero cimene amva. Ndime 18 iti munthu woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa mpaka khoti litampeza wolakwa kapena iye atabvomera yekha. Munthu amene aona kuti ufulu wace waphwanyidwa akhoza kudandaula ku High Court monga mwa Ndime 28, ndipo wosowa ndalama za loya akhoza kupempha thandizo ku bungwe la Boma la Legal Aid Board.

NDANI ALI NZIKA YA ZAMBIA

Funso limeneli lili ndi kulemera kwace m'Cigawo ca Kum'mawa. Malire a Zambia, Malawi ndi Mozambique anadula pakati pa mabanja. Acewa a maiko atatuwa asonkhana caka ndi caka ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi mmodzi. Ku Chadiza, ku Vubwi ndi ku Lundazi aliko anthu amene anakwatira tsidya lina, ndi ana amene anabadwira ku cipatala ca dziko loyandikana cifukwa ndico cinali pafupi. Pa mwambo onsewa ndi abale, koma pa lamulo ali yense ali ndi dziko lace.

Ndime 34 ichula njira 4 za unzika. Yoyamba ndi ya kubadwa: munthu ali nzika ngati pa tsiku limene anabadwa kholo lace limodzi, atate kapena amai, linali nzika. Mwana wosapitirira zaka 8 amene wapezeka m'Zambia, makolo ace ndi dziko lace osadziwika, ayesedwa nzika yobadwa. Yaciwiri ndi ya mbadwa: wobadwira kunja kwa Zambia ali nzika ngati kholo lace limodzi linali nzika ya kubadwa kapena ya mbadwa. Apa lamulo silifunsa ngati banja litsata kucimuna monga Angoni kapena kucikazi monga Acewa. Kholo limodzi likwanira. Mwana wobadwira ku Mchinji kwa mai wa ku Zambia ndi bambo wa ku Malawi ali ndi unzika wa Zambia kupyolera mwa mai wace.

Njira yacitatu ndi ya kulembetsa, ndipo iyi ndiyo ifanana ndi ya mlendo wa ku America uja. Ndime 37 ilola munthu wa zaka 18 kupempha unzika ku bungwe la Citizenship Board of Zambia ngati anabadwira m'Zambia nakhalamo zaka 5, kapena ngati anabadwira kunja koma mmodzi wa makolo ace akale anali nzika ndipo iye wakhala muno zaka 5, kapena ngati wakhala muno zaka 10 zotsatizana. Wokwatirana ndi nzika kwa zaka 5, wokhala m'dziko muno, akhozanso kupempha. Tanthauzo lace ndi lakuti kubadwira pa nthaka ya Zambia pakokha sikupereka unzika ngati makolo onse awiri anali alendo, ndipo ukwati nawo supereka unzika pa tsiku la ukwatilo. Njira yacinai ndi ya mwana wa dziko lina amene watengedwa mwa lamulo ndi nzika kuti akhale mwana wace.

Caka ca 2016 cisanafike, munthu wamkulu wa ku Zambia amene anatenga unzika wa dziko lina anali kutaya wa kwao. Ndime 39 inathetsa zimenezo. Tsopano mwana wa ku Petauke amene wapambana mayeso aja ku America kapena ku Britain akhalabe nzika ya Zambia, ndipo amene anautaya kale mwa njira imeneyo akhoza kupempha kuti aubwezeredwe. Koma wa unzika wa maiko awiri saloledwa kuima pa mpando wa Pulezidenti. Ndipo unzika umene munthu anaupeza ndi bodza kapena ndi kubisa zoona ulandidwa.

Kuti nkhani ya unzika si yamasewera cinaoneka pa munthu amene anatsogolera dziko zaka 27. Makolo a Dr Kaunda anacokera ku Nyasaland, ndipo iye anabadwira ku Lubwa m'boma la Chinsali mu 1924. Mu 1996 Lamulo Lalikulu linasinthidwa kuti woima pa upulezidenti akhale wa makolo onse awiri a ku Zambia mwa kubadwa kapena mwa mbadwa. Mfundoyi inamtsekera njira, ndipo cipani ca UNIP cinakana kulowa cisankho ca caka cimeneco. Mu Malichi 1999 High Court ya ku Ndola inafika pogamula kuti Dr Kaunda sanali nzika ya Zambia, cigamulo cimene cinadzacotsedwa mu 2000 nkhani itafika ku Supreme Court. Mfundo ya makolo awiri ija inafafanizidwa mu 2016. Ngati mau ocepa olembedwa m'lamulo anatha kugwedeza munthu wotere, nanga mlimi wa pa malire amene alibe pepala liri lonse la kubadwa kwace?

MMENE LAMULOLI LISINTHIRA

Lamulo Lalikulu loyamba linabwera ndi ufulu pa 24 Okutobala 1964. Mu 1972 bungwe lotsogozedwa ndi Mainza Chona linayenda m'dziko kumva maganizo a anthu, ndipo mu 1973 panakhazikitsidwa lamulo latsopano la cipani cimodzi. Mu Disembala 1990 ndime yoletsa zipani zina inacotsedwa, ndipo mu 1991, pambuyo pa bungwe la Patrick Mvunga, panabwera lamulo limene lili maziko a la lero. Linasinthidwa kwakukulu mu 1996 pambuyo pa bungwe la John Mwanakatwe, ndiponso pa 5 Januwale 2016 pamene Pulezidenti Edgar Lungu anasaina zosintha zambiri ku bwalo la Heroes mu Lusaka. Mu Disembala 2025 linasinthidwanso, makamaka pa kuonjezera mipando ya aphungu.

Kulisintha kunapangidwa kukhala kobvuta mwadala. Lamulo wamba lidutsa ngati aphungu olibvomera aposa olikana. Koma Ndime 79 iti bilo yosintha Lamulo Lalikulu ilengezedwe m'Gazeti ya Boma masiku 30 isanawerengedwe koyamba, ndipo ibvomerezedwe ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Mu Okutobala 2020 bilo yochuka ya nambala 10 inagwa cifukwa inapeza mavoti 105 pamene panafunika 111.

Gawo la maufulu a anthu ndilo lotsekedwa kolimba koposa. Aphungu okha sangalikhudze; pafunika referendamu, ndiko kufunsa anthu onse, ndipo theka la anthu oyenera kulembetsa m'kaundula wa voti liyenera kutengako mbali. Referendamu yotere inacitika pa 11 Ogasiti 2016, tsiku limodzi ndi cisankho cacikulu. Cizindikiro ca kubvomera cinali diso, ca kukana cinali khutu. Obvomera anali pafupi 1,850,000 ndipo okana anali pafupi 750,000, koma mapepala oposa 700,000 anaonongeka, ndipo onse amene anaponya voti anali anthu 44 okha pa anthu 100 oyenera. Cotero maufulu atsopano amene analembedwa, monga a za maphunziro, a za umoyo, a cakudya ndi a madzi abwino, sanalowe m'Lamulo Lalikulu, ndipo Ndime 23 inatsala monga inaliri. Amene anakhala kunyumba tsiku lija, ndi amene anaononga pepala posamvetsa funso, anathandiza kugamula nkhaniyo osadziwa.

UDINDO WA NZIKA

Lamulo Lalikulu silipereka maufulu okha. Ndime 43 iti nzika ikonde dziko lace, ipereke misonkho yoyenera, isamale nthaka, mitengo ndi madzi, ithandize osunga lamulo, ndipo itumikire pa kuteteza dziko ikaitanidwa. Ndime yomweyo ipempha nzika iri yonse kuti iyesetse kudziwa mfundo zikuluzikulu za Lamulo Lalikulu, ndiponso kuti ilembetse ndi kuponya voti. Ndime 2 ipatsa munthu ali yense ufulu ndi udindo wa kuchinjiriza lamuloli kwa amene afuna kuligwetsa kapena kuliimitsa mosatsata njira yace. Munthu sangachinjirize cinthu cimene sacidziwa, ndipo safunsa anadya phula.

Bvuto lilipo ndi lakuti lamuloli linalembedwa m'Cingerezi ca maloya, cimene ngakhale ophunzira ambiri apunthwa naco. Apa ndipo pali nchito ya aphunzitsi, a makhansala, a atsogoleri a mipingo ndi a ana a sukulu za sekondale amene aphunzira za unzika m'kalasi. Pa msonkhano wa mudzi, pa kilabu ya amai, pa bwalo la anyakwawa, ndime imodzi yowerengedwa ndi kumasuliridwa bwino ikhoza kupulumutsa nyumba ya wamasiye kapena kubweza mtsikana ku sukulu.

Ndipo pali zinthu zimene banja liri lonse lingacite popanda kuyembekeza wina. Mwana akabadwa alembetsedwe ndi kutengeredwa cikalata ca kubadwa, pakuti ndico cidzasonyeza makolo ace pa tsiku limene wina adzakaika unzika wace. Mnyamata kapena mtsikana akakwanitsa zaka 16 akatenge citupa cobiriwira ca NRC, ndipo akafika zaka 18 akalembetse m'kaundula wa voti. Amene anakwatira mlendo, kapena amene makolo ace onse anacokera tsidya la malire, asadalire kuti anansi onse amdziwa. Apite ku ofesi ya zitupa ndi mapasipoti ya m'boma lace kapena ya ku Chipata, akafunse njira ya kulembetsa nthawi ikalipo, mboni zace zikali ndi moyo.